Cikomekome ca Msewu wa Chapman's Peak

Amene tikulemba nkhani ino ndife awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ndipo tagwirizana kuti tiikambe ndi pakamwa pamodzi kuti wina asapeze mpata woneneza mnzake. Kuthamanga tinakuyamba titakula kale, ana athu atalowa sekondale. Dokotala anali atauza mmodzi wa ife kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo pobwerera kunyumba tinaseka kuti ngati magazi ayamba kuthamanga, ndi bwino mwini wake awatsatire. Tinayamba ndi kuyenda ndawala m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill kuno ku Lusaka, mbandakuca, poopa kuti anansi angatione n'kutiseka. Patapita zaka zitatu tinali titatsiriza marathoni, ndiye kuti makilomita 42, kawiri konse, ndipo tinayamba kudziyesa akatswiri.

Amene anatiika maganizo a Comrades m'mutu ndi amalume athu a kucikazi, mphunzitsi wopuma pa nchito, munthu wa zaka zoposa 60, woonda ngati bango, amene anali atautsiriza mpikisanowo kasanu. Comrades ndi mpikisano wa ku South Africa wa makilomita pafupifupi 90, pakati pa mizinda ya Pietermaritzburg ndi Durban. Anauyambitsa mu 1921 ndi Vic Clapham, msilikali amene anayenda mitunda yaitali kum'mawa kwa Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pofuna kukumbukira anzake amene anatsala kunkhondoko. Caka cina othamanga amakwera kucokera ku Durban, caka cinzake amatsika kucokera ku Pietermaritzburg, ndipo amene sanafike maola 12 atakwana amabwerera kwao cimanjamanja. Mu 2018 ulendo unali wotsika, pa 10 Juni. Ife titamva mau oti "wotsika" tinakondwa. Amalume anatiyang'ana mwacifundo nati, "Wokwera umapweteka cifuwa, ana anga, koma wotsika umathyola miyendo."

Bvuto lathu linali lakuti Lusaka alibe mapiri. Mzindawu uli pamwamba ndithu, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, koma pamwambapo ndi pathyathyathya, ndipo timitunda timene ife tinkaticha mapiri amalume ankati ndi zulu za ciswe. Kawiri tinapita ku mapiri a Munali, pakati pa Kafue ndi Mazabuka, koma malole a katundu ankatidutsa pafupi kwambiri kotero kuti tinkathamanga mtima uli m'mwamba. Amalume anati cofunika ndi msewu wautali wa m'mapiri, wotsekedwa kwa magalimoto, wokhala ndi madzi m'njira, kumene miyendo ingaphunzire kugwira nchito maola asanu ndi limodzi kapena kuposa. Msewu wotero anali kuudziwa: Two Oceans, makilomita 56, ku Cape Town, pa 31 Marichi, kutatsala masabata khumi kuti Comrades icitike. Sitinali oyamba kuganiza motero. Mpikisanowo unabadwa mu 1970 ndi othamanga 26 cabe, ndipo colinga cake cinali comweco, kukonzekeretsa anthu a ku Cape Town amene ankafuna kukathamanga Comrades. Unakula pambuyo pake n'kukhala ndi dzina lakelake, ndipo amene amaukonda amati palibe marathoni ina yokongola ngati imeneyi pa dziko lapansi.

Tisananyamuke, amalume anatikhazika pansi pakhonde natilembera malamulo atatu pa cikuto ca kope lakale. Loyamba, titsirize pa maola asanu ndi limodzi ndi theka, osafulumira kuposa pamenepo. Laciwiri, pa cikweza ciliconse cacikulu tiyende. Lacitatu, limene analilemba ndi zilembo zazikulu, potsika phiri tisadutse munthu. "Kumeneko simukupita kukapikisana," anatero. "Mukupita kukagula miyendo ya mu Juni. Mukafika pothera muzimva kuti mukanatha kupitiriza makilomita ena khumi. Mukafika mutatheratu, ndiye kuti mwadya mbeu."

Zifukwa zake anatifotokozera monga mphunzitsi, ndipo tinadzaziwerenganso m'mabuku pambuyo pake. Thupi limasunga shuga wake m'minofu ndi m'ciwindi, koma nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono. Munthu akathamanga mwamphamvu imatha asanadutse patali makilomita 30, ndipo ndipo pamene othamanga amati agunda khoma. Akacepetsa liwiro, thupi limatenga gawo lalikulu la mphamvu ku mafuta, amene ngakhale munthu woonda ali nao ambiri, ndipo nkhokwe ya shuga imakhalitsa. Kuthamanga mtunda wautali pang'onopang'ono ndiko kumaphunzitsa thupi kucita zimenezi. Nkhani ya kutsika ndi ina. Munthu akamatsetsereka, minofu ya kutsogolo kwa nchafu imagwira nchito ya mabuleki, imakokeka pamene ikulimbana kuti igwire thupi, ndipo timinyewa take timang'ambika pa phazi lililonse. Pa nthawiyo sizimveka, pakuti mpweya umakhala wokwanira ndipo mtima umagunda bwino. Ululu umabwera pambuyo, ndipo umafika pacimake tsiku laciwiri kapena lacitatu. Kung'ambika kocepa ndi mankhwala, pakuti minofu ikapola imalimba ndipo imapirira kutsika kwina kwa masabata angapo. Kung'ambika koculuka kumamugoneka munthu. Tinagwedeza mitu kusonyeza kuti tamva, ndipo tinali titamvadi. Cimene sitinadziwe n'cakuti kumva pakhonde ndi kumva pamwamba pa phiri ndi zinthu ziwiri.

Tinayenda pa basi, kudzera ku Chirundu, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, kenaka basi ina usiku wonse kudutsa cipululu ca Karoo. Tinafika Lacitatu la Sabata Loyera, ndipo tinapeza mzinda uli pa ludzu. Mvula inali itabvuta zaka zitatu zotsatizana, madamu anali pafupi kuuma, ndipo kuyambira mu Febuluwale caka cimeneco munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku. M'bale wathu wa ku Chipata amene anatisunga, yemwe amagwira nchito kumeneko, anatipatsa ndowa kuti tiziimamo posamba, madziwo akagwire nchito kucimbudzi. Anatipepesa kwambiri, koma ife amene tinakula ndi mtsuko pamutu sitinaone cacilendo. Cinatisangalatsa ndi kuona eni nyumba zazikulu akuphunzira paukulu kuti citsime cimadziwika kuya cikaphwa.

Masiku amenewo mpikisanowu unkacitika pa Loweruka Loyera (kuyambira mu 2023 anausuntha, sucitikanso pa Pasaka). Motero tsiku limene othamanga onse amadya kwambiri kuti adzaze nkhokwe ija linali Lacisanu Loyera, tsiku losala. Tinakambirana pang'ono za nkhaniyi, ndipo tinapeza kuti lamulo la Mpingo silinatitsekere njira: cakudya cokhuta kamodzi, tiwiri tating'ono, popanda nyama. Titabwera ku mwambo wa masana tinaphika nsima ya unga wa kumeneko ndi nyemba, ndipo kamodzi kameneko tinakagwiritsa nchito mokwanira. Amalume, amene zaka zao zinali zitawamasula kale ku lamulo la kusala, anadya pang'ono kuposa tonse.

Tinaimirira pa msewu waukulu wa Newlands kusanace, pakati pa anthu zikwizikwi, fungo la mafuta opaka m'miyendo lili ponseponse. Khamu linaimba Shosholoza, nyimbo ya amuna a sitima za ku migodi, ndipo amalume anangoti zii, pakuti atate ao anakhalako ku Joni. Lipenga la ogulitsa nsomba linalira monga mwa mwambo wa mpikisanowu, ndipo tinayamba.

Za theka loyamba tilibe zambiri zonena, pakuti tinamvera. Msewu ndi wosalala, ukudutsa m'midzi ya m'tauni kulowera kum'mwera, ndipo amalume anali pakati pathu ngati mbusa, akutikoka malaya tikayamba kutalikitsa mapazi. Ku Muizenberg tinaiona nyanja. Ife a dziko lopanda gombe, amene madzi aakulu tinawaonapo ku Kariba cabe, tinaiwala kuti tikuthamanga. Dzuwa linali litangotuluka pamwamba pa madzi, njanji ya sitima ili pakati pa ife ndi mafunde, tinyumba tosinthiramo zobvala topakidwa mitundumitundu tili ndandanda pamcenga, ndipo ku Kalk Bay kunkanunkhira nsomba ndi ndere za m'nyanja. Eni mpikisano amawerenga madzi amenewa ngati nyanja yoyamba mwa ziwiri zija, ngakhale akatswiri a mapu amati Indian ndi Atlantic zimakumana kutali kum'mawa, ku Cape Agulhas. Ife sitinatsutse. Ku Fish Hoek tinafulatira madzi n'kudutsa pakati pa dziko, ndipo pa makilomita 28, cakufupi ndi Noordhoek, wochi inati maola atatu ndi mphindi zisanu. Amalume anati, "Mwacita bwino. Tsono mpikisano ukuyamba, ndipo inu simuli nao."

Msewu wa Chapman's Peak ndi wa makilomita 9 ndipo uli ndi makhota 114. Anausema akaidi m'mbali mwa phiri kuyambira 1915 mpaka 1922, potsata mzere pamene miyala iwiri imakumana, thanthwe lolimba pansi ndi mwala wofewerapo wofiirira pamwamba. Mu 2000 anautseka mwala utagwa n'kupha munthu wa pagalimoto, ndipo anautsegulanso kumapeto kwa 2003 atamanga maukonde acitsulo ogwira miyala, ndi denga la konkire pa malo ena oopsa. Zimenezi tinali titaziwerenga. Cimene pepala silingathe kunena ndi mmene munthu amamvera akakhota koyamba n'kupeza kuti kudzanja lamanja kuli khoma la mwala lofika kumitambo, kudzanja lamanzere kuli kampanda kofika m'ciuno, ndipo kuseri kwa kampandako kulibe kanthu koma mphepo, ndi madzi obiriwira pansi penipeni akuswa thobvu pamatanthwe. Kumbuyo kunali mcenga woyera wa Noordhoek, wautali ngati munda wa thonje. Phokoso la oonerera linatha, pakuti kumeneko kulibe nyumba. Kunatsala mapazi okha, zikwi za mapazi, ndi kupuma kwa anthu.

Phirili limanamiza kawiri. Pali kacikweza koyamba kamene mlendo amayesa kuti ndiye phiri lenileni, kenaka msewu umatsika pang'ono, kenaka kukwera kwenikweni kumayamba. Amalume anayamba kuyenda, manja kumbuyo ngati akuyendera kalasi, ndipo ife tinayenda nao, ngakhale mumtima tinkawawidwa kuona anthu onenepa kutiposa akutidutsa. Bodza laciwiri ndi lokoma kwambiri. Cifukwa ca makhota aja, munthu amaona msewu patali kutsogolo, ukuzungulira phiri ngati mkanda, ndipo pa mkandapo tinaona kambendera. Ku South Africa kuli othamanga odziwa amene amanyamula mbendera yolembedwa nthawi, ndipo amene akufuna kutsiriza pa nthawi imeneyo amawaunjirira n'kumathamanga pamodzi akuimba. Gulu lotero amalicha basi. Munthu wina pambali pathu anati imeneyo ndi basi ya maola asanu ndi limodzi. Tsono ku Two Oceans wotsiriza maola asanu ndi limodzi asanakwane amalandira mendulo ya mkuwa, ndipo wotsiriza pakati pa asanu ndi limodzi ndi asanu ndi awiri amalandira yabuluu. Kufikira mphindi imeneyo mtundu wa mendulo sunatikhudzepo.

Amene anayamba kuchula za mkuwa sitinena, pakuti mpaka lero nkhaniyo sinagamulidwe m'nyumba muno. Cimene tonse tikubvomereza n'cakuti pamwamba pa phiri, cakuma makilomita 34, doko la Hout Bay litaonekera pansi ndi phiri la Sentinel litaweramira m'nyanja, miyendo inali yopepuka, kamphepo kanali kozizira, ndipo tinayang'anana. "Amalume, tingotsogolako pang'ono, mudzatipeza pansi," tinatero. Iwo sanakalipe. Anati, "Akamwini, ndi iwe mwana wanga, pepala lija muli nalo?" Tinati tili nalo. "Cabwino," anatero, "ndidzakupezani."

Makilomita asanu otsikira ku Hout Bay ndiwo okoma koposa onse amene tinathamangapo pa moyo wathu, ndipo sitinama kuti tinkamva cikumbumtima. Tinadutsa anthu mazanamazana. Kilomita imene tinagwirizana kuti izititengera mphindi zisanu ndi ziwiri zosakwana pang'ono inkatitengera mphindi zisanu ndi masekondi ocepa. Tinkaseka, tinkakweza manja kwa ojambula zithunzi, tinkawerengera m'mutu kuti tikapitiriza conco basi ija tiipeza tisanafike pa phiri laciwiri. Masamu a munthu amene wathamanga maola anai ndi abodza, koma amamveka oona. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ife tinali kudya nkhuyu ndi manja awiri.

Hout Bay anatilandira ndi ng'oma ndi ana opempha kugundana manja. Kucokera pamenepo msewu umayamba kukwera mobisa, pansi pa mitengo, kulowera ku Constantia Nek. Cikwangwani ca makilomita 42 tinacidutsa pa maola anai ndi mphindi 38, nthawi yosasiyana kwenikweni ndi ya marathoni athu a kunyumba, kumene pa cikwangwani cotero munthu amaima n'kulandira mendulo. Kuno kunali kutatsala makilomita 14, ndipo anai oyamba anali phiri. Mbendera ija sitinaionenso.

Cinayamba ngati kanyerere m'nchafu ya mmodzi wa ife. Pa makilomita 44 nchafu yonse inakokana n'kuuma gwa ngati mtengo, ndipo mwini wake anagwira mpanda wa m'mbali mwa msewu akulira mokweza, osasamala za anthu. Winayo nayenso sanali bwino, nkhokwe ya shuga inali itatha, mutu unali wopepuka, koma akanatha kupitiriza. Apa ndi pamene tinakangana, ife amene takhala m'banja zaka zoposa makumi awiri, pamaso pa alendo, m'Cinyanja cimene mwamwai panalibe wocimva. "Ndinu munayamba." "Ine ndinangonena, inu ndinu munathamanga." "Pitani tsono, kalandireni mkuwa wanuwo." Palibe anapita. Tinaima pamenepo, wina akusisita nchafu ya mnzake mokwiya, anthu onse amene tinawadutsa potsika akutidutsa mmodzimmodzi, ena akutisisita paphewa.

Mai wina woonerera anatipatsa mbatatesi zophika zothira mcere, ndipo munthu wina anatilangiza kuti timwe madzi ambiri. Uphungu waciwiriwu tinaukana, ndipo pamenepa pokha tinakumbukira sukulu ya pakhonde. Amalume anali atatiuza za Tim Noakes, dokotala wa pa yunivesite ya Cape Town, amene m'zaka za m'ma 1980 analemba za othamanga a Comrades amene anadwala kwambiri cifukwa ca kumwa madzi opitirira muyeso, mpaka mcere wa m'magazi kusungunuka. Wothamanga pang'onopang'ono, amene amakhala pamsewu maola ambiri akumwa pa tebulo lililonse, ndiye amene ali pangozi imeneyi koposa. Ndipo kukokana kwa minofu kawirikawiri gwero lake ndi kutopa kwa mnofu umene wagwiritsidwa nchito kuposa mmene unazolowera. Nchafu imeneyo sinali ndi ludzu. Inali kulipira ngongole ya Chapman's Peak.

Amalume anatipeza cakuma makilomita 45, akuyenda monga muja tinawasiyira, cipewa coyera cili pamutu. Anaima, natiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Tinayembekezera mwambi, ndipo tinali titaukonzekera, koma iwo anangofunsa kuti, "Bondo kapena nchafu?" Titayankha anati, "Nchafu imapola. Musaimenso. Yendani mpaka pamwamba. Mukayamba kutsika, mapazi afupiafupi, thamangani mitengo isanu, yendani iwiri. Nthawi ilipo, koma si yambiri." Tinaganiza kuti akhala nafe. Iwo anayang'ana wochi nati, "Ine ndinabwera kudzakonzekera Juni," napitiriza. Pa nthawiyo tinaona ngati nkhanza. Mmodzi wa ife amaonabe conco pang'ono.

Pamwamba pa Constantia Nek, pamene khamu limapanikiza msewu mbali zonse likufuula maina olembedwa pa zifuwa za othamanga, tinafika pa maola asanu ndi theka. Anthu amati kucokera pamenepo ndi kutsika kokhakokha. Si zoona kwenikweni, ndipo ngakhale zikanakhala zoona, kutsika ndiko kumene sitinkakufuna. Msewu wa Rhodes Drive umakhotakhota m'nkhalango ndipo ndi wopendekeka, kotero kuti mwendo umodzi umaponda pansi kuposa unzake, ndipo apa bondo la mwendo wokokana uja linayamba kulankhula nalonso. Tinadutsa munda wa maluwa wa Kirstenbosch osauona. Kuseri kwa Table Mountain kunali pamwamba pathu, ndipo sitikukumbuka kuti tinakweza maso. Tinkawerenga mitengo: isanu, iwiri, isanu, iwiri. Mkangano uja unatha wokha cifukwa panalibe mpweya woupitirizira. Pafupi ndi pothera pali kacitunda kena kamene pa tsiku labwino mwana angakwere akudya cimanga, ndipo ife tinakakwera titagwirana manja, osati mwacikondi ca pa ukwati, koma monga amagwirana anthu owoloka mtsinje wodzala.

Tinaponda udzu wa bwalo la yunivesite ya Cape Town pa maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 51, kutatsala mphindi zisanu ndi zinai kuti atseke. Amalume anali atafika pa maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 28, atasintha malaya, akumwa tiyi. Mendulo yao inali yabuluu, cimodzimodzi zathu. Caka cimeneco mwa akazi anapambana Gerda Steyn, amene pambuyo pake, mu 2024, anadzathamanga msewu womwewo pa maola atatu, mphindi 26 ndi masekondi 54. Timachula zimenezi kuti awerengi aone kukula kwa cinthu cimene tinkalimbirana pa phiri paja.

Usiku umenewo tinapita ku Misa ya Pasaka. Kuimirira ndi kandulo tinakwanitsa, koma itafika nthawi yogwada tinatsika ngati ngamira, ndipo podzuka tinadalira benchi ndi mapewa a m'bale wathu uja. Lolemba masitepe tinkatsika cam'mbuyo. Masiku awiri a pabasi anatsiriza zimene phiri linayamba, ndipo tinafika ku Lusaka bondo lija litatupa.

Apa ndi pamene mtengo weniweni unaonekera. Mwezi wa Epulo ndiwo wokonzekera Comrades amathamanga makilomita ambiri koposa, asanayambe kucepetsa cakumapeto kwa Meyi. Amalume anapuma masiku anai, lacisanu anali pamsewu. Mmodzi wa ife anataya masabata awiri. Wa bondo uja anataya anai, akupita kwa adokotala a mafupa ndi minofu, akuika madzi oundana, akuyesa kuthamanga n'kubwerera pa kilomita yacitatu. Sitinganene kuti ulendo wa ku Cape Town unapita pacabe. Tinaphunzira kudya tili paulendo, tinadziwa mmene ola lacisanu ndi cimodzi limamvekera, ndipo nchafu zitapola zinalimbadi monga anatiuzira. Koma zonsezi amalume anazipezanso, ndipo iwo sanalipire mwezi wa Epulo.

Tisanapite ku Comrades tinakhala pansi awiri n'kupangana cinthu cimene pa Constantia Nek sitikanatha kupangana: wina akalephera, mnzake apitirize, ndipo pasadzakhale mlandu. Pa 10 Juni, mumdima ndi m'cisanu ca Pietermaritzburg, tambala wa pa cimkuzamau analira kutsogolo kwa holo ya mzinda, ndipo tinayamba. Tsiku limenelo pepala la amalume tinalitsata ngati Malamulo Khumi. Tinayenda pa Inchanga. Cigwa ca mapiri cikwi, cimene eni ake amacicha Valley of a Thousand Hills, tinaciyang'ana tikuyenda, ndipo mbendera zonse zimene zinatidutsa tinazilola kupita. Bondo linapirira mpaka pa Fields Hill, mtsetse wautali wotsikira ku Pinetown, kutatsala makilomita pafupifupi 20. Pamenepo linakana. Sitinakangane. Wina anabvula nambala yake n'kukwera basi yeniyeni, ya matayala, yonyamula olephera, ndipo winayo anapitiriza yekha, akulira makilomita awiri oyamba, nalowa m'bwalo la Moses Mabhida ku Durban pa maola 11 ndi mphindi 47. Mendulo ya otsiriza m'ola lomaliza ili ndi dzina la Vic Clapham, ndipo m'nyumba muno ilimo imodzi. Ana akafunsa kuti ndi ya yani timati ndi ya pa msomali.

Ngati bondo limenelo likanapirira tikanatsika Chapman's Peak mofatsa, palibe dokotala angalumbire. Mwini bondo amakhulupirira kuti likanapirira. Amalume, titawafunsa, anati iwo ndi mphunzitsi wa masamu, si mneneri.

Patapita miyezi tinaitanitsa cithunzi cimodzi mwa zimene anatijambula ku Two Oceans, ndipo cili pa kabati m'cipinda cocezera. Anacijambula pangotsika pang'ono kucokera pamwamba pa phiri. Tonse awiri tili m'malere, mapazi osagunda pansi, manja m'mwamba, mano onse panja, ndipo alendo akaciona amati tinali osangalala, zimene ndi zoona. Mwana wathu wamng'ono ndiye anazindikira cina pakona ya cithunzico. Kumbuyo kwathu, patali, pamene msewu ukukhota, pali kamunthu ka cipewa coyera. Kali pafupi ndi kampanda kaja, manja kumbuyo, nkhope yatembenukira kumanzere, kakuyang'ana nyanja.